Miyezi Iwiri Yopanda Dzuwa

Kuno ku Tromsø dzuwa linatsanzika mu Novembala,
linati tidzaonana Januwale akamatha.
Ndiye m'nyumba muno wotchi ndi mimba ziwiri,
ya Eilif ndi ya Sunniva,
ndipo sizigwirizana.

Eilif ndiye amayamba, faifi koloko isanakwane,
kugogoda matabwa a kabedi ndi chidendene.
Sunniva ndimachita kumudzutsa dala,
mtima ukundiwawa,
poti ndinaphunzira mochedwa:
ukamulekerera mmodzi kuti agonebe
tsiku limang'ambika pakati,
iwe n'kugwera mumng'alumo.

Mabotolo awiri, dzanja lililonse lake.
Mphuno ikandiyabwa ndimaikhula paphewa.

Pachitseko cha firiji Ingunn anamatapo pepala
tsiku lomwe ankabwerera kuntchito kuchipatala.
Phala eyiti koloko. Tulo hafu naini.
Nkhomaliro. Tulo tachiwiri thu koloko.
Analemba ndi inki yabuluu, mizere yowongoka bwino.
Lero pepalalo lili ndi chidindo cha karoti
ndipo kona imodzi Eilif anadya.

Mbale imodzi, sipuni imodzi, ana awiri.
Anamwino anati aliyense ikhale yake, ndinavomera,
koma kunyumba kuno anamwinowo kulibe.
Eilif amayasama sipuni ikadali m'mbale.
Sunniva amayamba waiyang'ana ngati kalata ya ngongole
n'kutembenuzira nkhope kukhoma,
mpaka ataona mlongo wake akumeza.
Apo ndiye nsanje imamutsegula kukamwa.

Hafu naini ndimawaveka ubweya pamwamba pa ubweya,
zipewa, masokosi, thumba la chikopa cha nkhosa,
mpaka chotsala n'timphuno tiwiri.
Ndimakankhira kangolo kawo pakhonde
pomwe chipale chofewa chalekeza m'mawondo.
Kuno ana amagona panja. Inenso ndinakula choncho.
Eilif mphindi zitatu, wapita.
Sunniva amayamba wakambirana ndi chingwe cha chipewa,
nkhani yaitali, ya mafunso ambiri,
ine ndikugwedeza kangolo ndi phazi,
khofi atazizira kalekale m'dzanja.

Mayi Oddny a nyumba yoyandikana nafe
akationa amaimika fosholo yawo m'chipale,
chala pamlomo, n'kulowa mwakachetechete.
Sitinachezepo zenizeni,
koma ndandanda yathu amaidziwa kuposa abale anga.

Lachinayi lapitali anagona onse awiri,
nthawi imodzi, ola ndi mphindi makumi anayi.
Ndinasowa chochita nawo ufuluwo.
Zochapa zinali mulu, ndevu za masiku asanu,
koma ndinangokhala pansi m'khitchini
n'kudya phala lotsala ndi kasipuni kawo kapulasitiki.
Ndiye ndinaona phazi langa
likugwedeza mpando wopanda munthu.

Masana ndi nsomba yophwanya ndi mbatatesi,
theka m'kamwa, theka m'tsitsi.
Kunja kumayera pang'ono ngati kukufuna kucha,
kenako n'kusintha maganizo.
Sunniva amatola kachidutswa ka buledi pansi,
amakaonetsa kwa Eilif,
iye akangotambasula dzanja, amakameza yekha.

Tulo tachiwiri ndi tomwe tayamba kutithawa.
Masiku atatu tsopano Sunniva akungoimirira,
atagwira m'mbali mwa kangolo, maso gwa,
mano ake anayi onse panja,
kundiseka.

Ingunn amafika foro koloko, kutada bii,
chipale chikusungunuka pamapewa.
Asanavule nsapato amafunsa kuti agona bwanji,
ine n'kupereka lipoti ngati woyendetsa sitima:
uyu mphindi zakuti, uyu wakana,
matewera asanu ndi awiri, palibe wavulala.
Dzulo anaima nthawi yaitali pafiriji paja,
cholembera chili pamzere wa thu koloko.
Anati, mwina akula, Torgeir, tifafanize apa.

Ndinati dikira kaye.
Tisiye mpaka dzuwa libwere,
Mayi Oddny tisawasokoneze pakati pa chisanu.